Thumba la zinyalala lomwe linandibweza ku Sitandade 1

## Amayi m'minibasi

Amayi anga anayamba sukulu ya kwacha ine ndili Fomu 2. Ankapita masana akaweruka kumunda, kope ndi pensulo zili m'kathumba ka shuga. Chaka chisanathe anayamba kulumikiza zilembo, ndipo mavuto anga anayambira pomwepo. Tikakwera minibasi kuchoka ku Ntcheu kupita ku Lilongwe, iwo ankawerenga mokweza chikwangwani chilichonse cha m'mbali mwa msewu. "Chi-ga-yo. Ti-ku-gu-li-tsa ma-ka-la. O-sa-ko-dza pa-no." Anthu ankamwetulira, ena n'kumatsinana. Ine ndinkazyolika, kenako n'kuwagunda ndi chigongono: "Amayi, mukundichititsa manyazi."

Ankangoti, "Pepa mwanawe," n'kupitiriza ndi milomo yokha, mawu osatuluka.

Zimenezi ndinaziiwala kwa zaka zoposa 15. Zinakandipeza ku Nagoya, mzinda wa ku Japan, nditanjuta pakhomo la kachipinda kanga, kutsogolo kwanga kuli thumba la zinyalala zonunkha.

## Wa digiri wosatha kugula mafuta

Ndinafika ku Japan kumapeto kwa Seputembala kukachita maphunziro a masitazi. Tisananyamuke anatitsimikizira kuti maphunziro onse ndi a m'Chingerezi, Chijapanizi n'chongofuna mwini. Sananame ayi. Kungoti munthu sagona m'kalasi, sadyanso m'kalasi.

Tsiku lachitatu ndinalowa m'supamaketi kukagula zophika. Anyezi ndinamudziwa ndi maso, tomato chimodzimodzi, mazira ndi mazira kulikonse. Chinandipusitsa ndi mafuta. Ndinanyamula botolo la zamadzi zachikasu, looneka ndendende ngati mafuta ophikira a kwathu. Nditathira m'poto, m'malo moti anyezi alire, zinangowira thovu, fungo la mowa m'chipinda monse, kenako zinamata ngati uchi wopserera. Anali mirin, vinyo wotsekemera wa mpunga wokometsera ndiwo. Pabotolo panali palembedwa bwinobwino kuti みりん. La mafuta limakhala ndi chilembo ichi: 油. Safunsa anadya phula, ine ndinadya mazira a shuga.

Mufunsa kuti nanga foni inali kuti. Inalipo, ndipo ukaloza kamera pa zolembedwa imakumasulira. Koma yesani kuima m'sitolo ola lathunthu mukujambula paketi iliyonse, anthu akukulambalalani mwaulemu. Zili ngati kuwerengeredwa kalata ndi mwana wa aneba: uthenga umaumva, koma umabwerera kunyumba utachepa.

## Thumba lija

Tsiku lomwe ndinalowa m'nyumba anandipatsa chipepala chachikulu chamitundumitundu, chodzaza ndi zilembo ndi tizithunzi ta mabotolo ndi zitini. Ndinaona kuti n'chokhuthala bwino, ndiye ndinkakhazikapo ketulo.

Lachitatu lina m'mawa ndinalongeza zonse m'thumba lomwe ndinanyamuliramo katundu kusitolo: makoko a mazira, mitu ya nsomba, zitini za khofi, mabotolo a madzi. Ndinakalisiya pakona pomwe ndinkaona anthu akusiya matumba awo pansi pa ukonde. Madzulo pobwera ndinalipeza lili lokhalokha, ataliphatika kapepala. Ndinadutsa ngati sindikulidziwa. Lachinayi m'mawa linali pomwepo, akhwangwala ataliboola. Akhwangwala akumeneko ndi akuda bii thupi lonse, alibe kolala yoyera ija, ndipo ndi akuluakulu ngati nkhuku.

Madzulo ake kunamveka kugogoda. Nditatsegula ndinapeza agogo a chipinda chapansi, aafupi, msana wopindika pang'ono, atavala epuloni, m'manja muli thumba langa ataliika m'thumba lina. M'katimo munali envulopu yokhala ndi dzina langa, choncho panalibe zokana. Mawu okhawo omwe ndinali nawo pafupi anali *sumimasen*, kupepesa, ndipo ndinawabwereza mpaka anatha mphamvu.

Ndinkayembekezera kukalipiridwa. Iwo anangonjuta pakhomo pomwe timavulira nsapato, n'kumasula thumba, n'kuyamba kusankha ndi manja awo. Zitini uku. Mabotolo uku, atachotsa chivindikiro ndi kapepala kozungulira. Mitu ya nsomba ya masiku awiri uko. Munthu wa msinkhu wa agogo anga akugwira nyansi zanga! Ndinanjuta nanenso, manja osadziwa pogwira.

Atatha anajambula m'malere chinthu cha makona anayi. Ndinadziwa kuti akufuna chipepala chija. Ndinachisolola pansi pa ketulo, chili ndi chipsera chozungulira pakati. Anachiyang'ana, n'kundiyang'ana, osanena kanthu. Analoza mzere wina n'kuyankhula. Ndinagwedeza mutu ngati ndamva. Analozanso, n'kubwereza mokweza, pang'onopang'ono, mmene timayankhulira ndi munthu yemwe tikumuganizira kuti mutu wake ndi wouma. Ndinagwedezanso. Kenako anasiya kuyang'ana pepala n'kuyang'ana maso anga, ndipo anaona kuti sakutsatira chala chawo, akungoyendayenda.

"Aa," anatero motsitsa.

Sanaseke, sanachite nkhope yachisoni. Anatambasula chikhatho chawo chamanzere n'kulembapo ndi chala, monga amachitira anthu akumeneko akamakumbutsana chilembo. Kadontho kumanzere, kadontho kumanja, mzere wautali wotsetserekera kumanzere, wina wotsetserekera kumanja: 火. Analoza chitofu changa cha gasi. "*Hi*." Moto. Analoza chilembo chomwecho pa kalendala ya pachipepala. "*Ka-yō-bi*." Lachiwiri, tsiku la moto. Kenako anatulutsa m'thumba la epuloni jumbo yatsopano ya zilembo zofiira, ya zinyalala zokatentha, n'kuika chikhadabo pa chilembo chachiwiri cha mawu akuti 可燃. Chilembo cha mizere 16, chomwe kwa ine chinali ngati chisa cha mpheta. Koma kumanzere kwake, pomwe panali chikhadabo, kunali kamoto kaja, kataphwatalala kuti kakwane.

Sindidziwa kuti ndikufotokozereni bwanji zomwe ndinamva. Kwa milungu itatu mzinda wonse unali ngati chitenje, maluwa okhaokha. Apa duwa limodzi linayankhula.

Anapitiriza ndi 金. Anapisa m'thumba n'kutulutsa kakobiri. "*O-kane. Kin-yō-bi*." Ndalama, Lachisanu. Zotentha zimatengedwa kawiri pamlungu, ndipo m'dera lathu anali masiku amenewa: la moto ndi la ndalama. Anandiuza ndi manja kuti ndilembe pachikhatho changa. Ndinayambira mzere wautali. Anandimenya kachala, "*Chigau!*" Kutanthauza kuti walakwa, si choncho. Mawu amenewa ndinawagwira tsiku lomwelo chifukwa amamveka ngati "chigawo". Ndinalemba moto kasanu mpaka anakhutira, n'kunyamula mitu ya nsomba ija kupita nayo kwawo kuti ikadikire Lachisanu.

Atatsika ndinakhala pansi osayatsa magetsi. Chomwe chinkandibwerera m'maso si nkhope ya agogowo, koma milomo ya amayi m'minibasi, ikugwedera popanda mawu.

## Sukulu yanga ya kwacha

Loweruka lotsatira ndinakalembetsa kalasi ya Chijapanizi yomwe anthu ongodzipereka, ambiri opuma pantchito, amaphunzitsa alendo muholo ya m'dera. Anzanga a m'kalasi anali ochokera ku Vietnam, Nepal, Philippines ndi Brazil. Chigawo cha Aichi, komwe kuli Nagoya, n'chomwe chili ndi anthu a ku Brazil ambiri kuposa zigawo zonse za Japan, ndipo ambiri amagwira ntchito m'mafakitale a zipangizo za magalimoto. Ena ankafika atagwira ntchito usiku wonse, maso ali psuu. Tonse tinkalemba m'makope a ana a mabokosibokosi, ogula m'sitolo za katundu wa 100 yen.

Chijapanizi chimalembedwa ndi mitundu itatu ya zilembo nthawi imodzi, m'chiganizo chimodzi. Woyamba ndi hiragana, zilembo 46 zoyambira, zopindikapindika, chilichonse chikuimira phatikizo lathunthu. Apa Mchewa amakhala ngati wafika kwa amalume. Mavawelo ndi asanu omwe aja, kungoti amawandanda kuti a, i, u, e, o, kenako ka, ki, ku, ke, ko. Ndinkangomva mawu a aphunzitsi a Sitandade 1 pansi pa mtengo. Ndiye pali nkhani ya l ndi r, yomwe inatikwapulitsa pophunzira Chingerezi. Kumeneko kuli liwu limodzi lokha la pakatikati, pafupi kwambiri ndi lomwe timatchula tikamati "bwera". Aphunzitsi ankandiyamikira katchulidwe, osadziwa kuti ndikungoyankhula Chichewa.

Pomwe tilibe mwayi ndi pa kutalikitsa mavawelo. *Biru* ndi nyumba yosanja, *bīru* ndi mowa. *Obasan* ndi azakhali kapena mayi wachikulire pang'ono, *obāsan* ndi agogo. Tsiku lina ndinapatsa moni agogo aja osakoka "a", ndipo anaseka mpaka kugwira khoma, ati ndawabwezera utsikana.

Mtundu wachiwiri ndi katakana, zilembo 46 zina za maphatikizo omwewo, koma zowongoka ngati timitengo ta machesi. Aphunzitsi anati zonse ziwiri zinachokera ku zilembo za ku China zaka zoposa 1,000 zapitazo: hiragana ndi zilembo zathunthu zolembedwa mothamanga mpaka kusungunuka, katakana ndi tizidutswa tomwe amonke a Chibuda ankabenthula polemba m'mbali mwa mabuku. Masiku ano katakana ndi ya mawu obwereka ndi mayina achilendo. Dziko lathu ndi マラウイ, Ma-ra-u-i.

Katakana imasangalatsa chifukwa anthu akumeneko amachita ndi Chingerezi zomwe timachita ife. Sapirira makonsonanti oguluzika, amawaveka vawelo. Ife timati tebulo, iwo *tēburu*. Ife basi, iwo *basu*. Supuni ndi *supūn*, shati ndi *shatsu*. Apwitikizi anatisiyira ife nsapato, iwo anawasiyira *pan*, buledi. Ganyu wa ana asukulu ndi *arubaito*, kuchokera ku Chijeremani. Koma amene anakonza シ, ツ, ソ ndi ン, zomwe ndi shi, tsu, so ndi n, sankatifunira zabwino. Mpaka lero ndimaima kaye ndikaziona.

## Magalimoto a kwathu anandithandiza

Mtundu wachitatu ndiye phiri lenileni: kanji, zilembo za ku China zonyamula tanthauzo. Mndandanda wa boma wa kanji za tsiku ndi tsiku, monga unakonzedwera mu 2010, uli ndi zilembo 2,136. Mwana amaphunzira 80 m'chaka choyamba cha pulayimale, ndipo pomaliza chaka cha 6 amakhala atadutsa 1,026. Nditawerengera ndinapeza kuti ndi masitazi angawo ndikupikisana ndi ana a zaka 6, ndipo akunditsogolera.

Poyamba zimakoma. 木 ndi mtengo, iwiri 林 ndi kathengo, itatu 森 ndi nkhalango. Munthu atatsamira mtengo, 休, ndi kupuma. 口 ndi pakamwa, choncho 入口 ndi polowera, 出口 ndi potulukira. Masiku a mlungu ndi mwezi, moto, madzi, mtengo, chitsulo kapena golide, dothi ndi dzuwa: 月火水木金土日. Ife tinangowerenga masiku a ntchito, kuyambira Lolemba mpaka Loweruka.

Kenako ndinatulukira kuti kanji zina ndakhala ndikuzitchula kuyambira ndili mwana, pamsewu wa M1. Mu dzina la Honda, 本田, muli 田, munda wa mpunga wogawidwa panayi ngati madimba a ku Karonga. Munda womwewo uli mu 豊田, dzina la banja la Toyoda ndi la mzinda wa Toyota, womwe uli pafupi ndi Nagoya. Suzuki, 鈴木, amathera ndi mtengo. Yamaha, 山葉, amayamba ndi phiri. Kawasaki, 川崎, amayamba ndi mtsinje, mizere itatu yoyenderera. Mitsubishi, 三菱, amayamba ndi 3, ndipo mukayang'ana chizindikiro cha pa Canter muwerenga nokha. Nissan, 日産, amayamba ndi dzuwa lomwe lili mu 日本, Nihon, dzina la dzikolo.

Musanamizidwe ndi nthano zokomazi. Zimathera pa zilembo 100 kapena 200 zoyamba. Kupitirira apo n'kulima basi, mzere ndi mzere, tsiku ndi tsiku, ndipo ukajomba mlungu umodzi udzu umamera. Chowawa kwambiri n'chakuti chilembo chimodzi chimatchulidwa mosiyanasiyana, katchulidwe kena kochokera ku China, kena ka eni nthaka. Onani Lamulungu: 日曜日. Chilembo choyamba ndi chomaliza n'chimodzi, koma koyamba ndi *nichi*, komaliza ndi *bi*. 本 ya mu Honda ija, pa siteshoni ya Motoyama, 本山, ikusanduka *moto*. Mchewa aliyense angaseke kuti moto weniweni uja ndi *hi*, pomwe *moto* ndi tsinde.

Powerenga zinthu ndiye ndinadandaula mokweza. Zazitali ngati mabotolo ndi *ippon, nihon, sanbon*. Zaphanthi ngati mapepala zimatenga *mai*, tinyama *hiki*, anthu *hitori, futari*. Ndinafunsa aphunzitsi kuti chimodzi sichingangokhala chimodzi? Iwo anandifunsa mmene timanenera kwathu. Ndinayamba molimba mtima: munthu mmodzi, nyumba imodzi, dzira limodzi, chingwe chimodzi, kamwana kamodzi, uta umodzi. Pofika pamenepo anali atagwira kumutu, ndipo sindinadandaulenso.

## Mawu amene njala inandiphunzitsa

Ndinali ndi pulogalamu ya pa foni yondifunsa mawu m'mawa uliwonse. Inathandiza, sindikana. Koma ndikaunika mawu omwe anakhazikika, onse ali ndi chipsera chake.

半額, *hangaku*, theka la mtengo. Kapepala kameneka amakamata pa nsomba ndi zakudya zophikaphika sitolo ikatsala pang'ono kutseka, ndipo wophunzira aliyense wa ku Africa kuno yemwe ndinakumana naye ankakadziwa ngakhale sadziwa kulemba dzina lake. 2割引 ndi kuchotsa 20 pa 100 iliyonse, osati 2. 豚 ndi nkhumba, 牛 ng'ombe, 鶏 nkhuku. Mnzanga wina Msilamu wa ku Mangochi anaphunzira choyambacho asanaphunzire moni. 塩 mchere, 砂糖 shuga. 粉 ufa, chomwe ndinachisaka m'mashelefu onse ndikulakalaka nsima. 押 kankha, 引 koka, nditalimbana ndi chitseko cha banki anthu akuonerera.

Ndipo pali mtundu wa mawu omwe anzanga oyankhula Chingerezi ankavutika nawo, ine ndikungomwa ngati thobwa. Mvula yamphamvu imagwa *zā zā*. Chonyezimira chili *pika pika*. M'mimba mukakhala mulibe kanthu muli *peko peko*. Pamalo pakakhala bata pali *shiin*, ndiye zii wathu uja. Munthu wokulira m'chiyankhulo cha mbee, phee ndi ngwee safunika kumuuza kuti chete naye ali ndi liwu lake.

## Sitima ya Higashiyama

M'nyengo yozizira, patatha miyezi inayi, ndinali m'sitima ya pansi pa nthaka ya Higashiyama. M'sitima zakumeneko anthu sayankhula, aliyense maso pa foni kapena ali m'tulo. Ine maso anali pa zotsatsa malonda zolendewera kudenga. Panali mawu ena omwe ndinazindikira chilembo choyamba, chachiwirinso, ndipo hiragana yotsatira inangobwera yokha.

Ndinazindikira mochedwa kuti ndikuwerenga mokweza. Phatikizo ndi phatikizo, chala chili m'malere. Kamnyamata ka yunifolomu kokhala moyang'anizana nane kanandiyang'ana, kenako kanayang'ana mnzake, n'kubisa pakamwa.

Ndinatseka pakamwa, koma milomo inakana kuima. Munthu amene wangoyamba kuona zilembo sawerengera anthu ayi. Amawerenga chifukwa chikwangwani chomwe chakhala chikumudutsa moyo wake wonse chamupatsa moni, ndipo sangachisiye osayankha. Amayi anadikira zaka zoposa 40 kuti zikwangwani za m'dziko lawo lomwe ziwayankhule. Ine ndinadikira miyezi inayi m'dziko la eni, ndipo ndinkafuna kufuula.

Usiku umenewo ndinawaimbira pa WhatsApp. Tinakamba za mvula, za feteleza, za mbuzi yomwe inaswa. Zomwe ndinaimbira sindinazinene.

## Pa Kalinyeke

Nditabwera kutchuthi, msuweni wanga anadzandichingamira ku bwalo la ndege ku Lilongwe ndi kagalimoto kake kochokera ku Japan komweko, kolowera ku Dar es Salaam ngati ambiri a m'misewu yathu. Amayi anakakamira kubwera nawo. Atangoliza injini, mayi uja wa m'dashibodi, yemwe Amalawi tonse timamudziwa mawu koma sitinamumvepo, anayankhula.

"Ndiye wabwera mwini chiyankhulo," anatero msuweni. "Tiuze, akuti chiyani mkaziyu? Zaka zitatu akundilankhula m'mawa uliwonse."

Ndinamupempha kuti azimitse n'kulizanso. *ETC kādo ga sōnyū sarete imasen.* Ndinawafotokozera kuti ku Japan magalimoto amalipira misewu ikuluikulu ndi khadi lolowetsa m'kabokosi, osaima pageti, ndipo mayiyu akungodandaula kuti khadilo silinalowetsedwe.

"Basi?" anatero msuweni mokhumudwa. "Ine ndimayesa amandifunira ulendo wabwino."

"Musiyeni," anatero amayi kumpando wakumbuyo. "Nayenso ali kwa eni, akuyankhula zomwe akudziwa."

Ndinawerenga mabatani a wailesi omwe msuweni ankangowadina mwamwayi: 音量 kukweza ndi kutsitsa mawu, 戻る kubwerera, 現在地 pomwe uli. Mapu a pagalasipo ankaonetsa kuti tili pakati pa nyanja.

Pa geti ya Kalinyeke ku Dedza tinaima n'kulipira pamanja. Titadutsa ndinaona pa kalilole kuti amayi akuyang'ana kunja, milomo ikugwedera. Tsitsi layera tsopano, ndipo amavala magalasi.

"Amayi, palembedwa chiyani apo?"

Anandiyang'ana kaye pa kalilole pomwepo, nthawi yaitali ndithu, ngati akufuna kuona ngati ndikuwaseka.

"Mba-ta-ta ya ka-che-we-re," anatero. "Yo-tsi-ka mte-ngo."

"Nanga apo?"

"Iwe, galimoto ikuthamanga. Uza msuweni wakoyu achepetse."

Msuweni anachepetsa.